Chingwe cha Ayironi mu Galimoto ya Aupa

Musandigwire pakamwa, ndisiyeni ndiyankhule. Dzulo ndatsika minibasi ndisanafike n'komwe pa siteji yathu ya Bangwe, mtunda wonse uja ndauyenda wapansi ndi miyendo yotupayi. Chifukwa chake? Dalaivala waimitsa galimoto, ati fyuzi yapsa. Watulutsa paketi ya fodya, wang'amba kapepala konyezimira kamkati kaja, wakapinda, n'kukabaya pamalo pa fyuzi. Ine ndati, "Achimwene, tsegulani chitseko nditsike." Iye ati, "Agogo, khalani pansi, izi ndi za amuna." Za amuna! Minibasi yonse kuseka. Ndati sekani, mupse nokha, ine ndinapsa kale ku Joni.

Nanunso mukuseka? Khalani pansi apo. Onani chikhatho ichi. Ayi, yang'anani bwino, chipsera ichi si cha poto.

Bambo a Rozina atamwalira ndinatsala ndi ana awiri aakazi. Rozina anali atangoyamba sukulu, Tereza anali atangosiya bere. Ife a ku Nsanje mukutidziwa, mwamuna akalowola ana ndi a kuchimuna. Kubereka ndinabereka ndine, koma ndinkawasunga ngati obwereka. Ndiye mkulu wawo wa malemu amuna anga, alamu anga a Layisoni, anali kale ku Joni, ankasamalira maluwa kwa mzungu wina wokalamba. Anaimba foni. Ati, "Alamu, kuno kukufunika munthu wochapa ndi kusita. Anawo muwasiye kwa akazi anga ku Chilobwe. Zaka ziwiri basi, mubwerera."

Zaka ziwiri basi. Mxii.

Ndinakwera basi pa Wenela m'mawa. Rozina analira mpaka mamina. Tereza anali kumsana kwa a Esinati, akazi awo a alamuwo, akudya mandasi, osandiyang'ana n'komwe. Mwanza, Tete kotentha ngati mu uvuni, Zimbabwe yense uja, matako kufa dzanzi. Chidindo cha m'pasipoti chinali cha mwezi umodzi. Mwezi utatha ndinasanduka munthu wopanda mapepala. Ukaona vani ya apolisi umalowa m'shopu n'kumagwiragwira sopo ngati ukufuna kugula.

Mzungu uja aliyense ankawatchula Aupa, ati kumeneko ndiye kuti agogo aamuna. Atali ngati polo ya magetsi, akazi awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekha wamkazi ankakhala mzinda wina kutali. Manja njenjenje. Tiyi ankamwa theka, theka linalo linkamwedwa ndi malaya, ochapa ndine. Dzina langa linawakanika, ndiye ankangokuwa, "Malawi! Malawi, kom!" Dziko lonse ndine ndekha.

M'galaja mwawo munali galimoto yakale yobiriwira, yamphuno yaitali, mabampa onyezimira ngati masupuni atsopano. Yakale kuposa ine. Inkatuluka Lamlungu lokha, kupita ku tchalitchi n'kubwerako, ndipo mvula ikangoti dontho limodzi, tchalitchi chajombedwa. Anthu mumsewu ankaijambula pa foni.

Tsiku lina ndikusoka batani pakhonde, Aupa angoima njo, akundiyang'ana mmene ndalowetsera ulusi pa singano kamodzi n'kamodzi. Ati, "Malawi, kom." Ndalowa m'galaja, boneti ili yasa. Ati, "Manja anga afa. Maso anga afa. Mutu ulipo. Iwe uli ndi zala." Ine Chingerezi changa ndi cha kumsika, iwo Chinyanja ziro, koma tinamvana. Iwo ankaloza ndi ndodo, ine n'kumagwira.

Lamulo loyamba, batire. Usanagwire waya aliyense umamasula kaye chingwe chakuda cha pa batire ndi sipanala. Ndikaiwala ndodo inkagunda pansi, gu! "Batire kaye, Malawi! Batire kaye!" Mpaka lero ndikafuna kusintha babu m'nyumba muno ndimawamva.

Kenako anandionetsa mtolo wa mawaya wokulungidwa ndi tepi yakuda, wonenepa ngati mkono wa khanda, umene umayenda m'mbali mwa injini kukapereka magetsi paliponse. Pafupi ndi sitata yolizira injini, pamene mtolowo ukuyambira, panali timawaya titatu tifupitifupi, kutalika ngati chikhatho changachi, toonda kuposa mawaya amene talumikizidwako. Ati dzina lake fyuzibo linki. Ine lilime linakana, ndinkangoti kalinki.

Ati, "Kameneka kanapangidwa kuti kazifa."

Ine, "Aupa, munthu n'kupanga dala chinthu chofooka?"

Ati, "Ya! Waya akasupuka n'kukhudza chitsulo, imeneyo ndi shoti. Magetsi onse a m'batire amathamangira pamenepo, waya amafiira ngati khala. Koma kameneka n'koonda, ndiye kamasungunuka msanga mkati mwake, magetsi n'kuduka, ena onsewa n'kupulumuka. Chikopa chake sichiyaka moto."

Ndinafunsa kuti nanga ukadziwa bwanji kuti kafa, poti kunja kamaoneka kabwinobwino? Anandigwiritsa kena kakale. Ati koka. Ndakoka, kakutamuka ngati chingamu. Ati, "Kakatero kafa. Kamoyo sikatamuka." Ndiye anandiuza zinthu ziwiri, chala chili m'mwamba ngati abambo mfumu pa guwa. Usaike katsopano usanapeze chimene chapha kakaleko. Ndipo usaike konenepa, ngakhale kumwamba kugwe. Anali ndi kachitini ka mabisiketi, mkati timipukutu ta waya wa malinki, kalikonse mtundu wake. Kachitini kameneko ndinkakadziwa kuposa kabati yanga ya zovala.

Alamu anga zinkawawawa. Iii, zinkawawawa! Ankathirira maluwa pafupi ndi galaja dala, madzi akusefukira, khutu lili kuno. Tikakhala pa nkhomaliro kuseri kwa nyumba, ati, "Ine ndinagwira pa galaja ku Ndirande zaka zitatu. Ine ndi injiniya. Mzungu akusiya injiniya akudulira maluwa, n'kumatenga munthu wochapa mapanti." Ndinkadziwa kuti ku galajako ntchito yawo inali kukankha magalimoto okana kulira, malemu amuna anga anandiuza. Koma ungawayankhe alamu, akulu a mwamuna wako, amene anakupezera ntchito, amene ana ako akugona m'nyumba mwawo? Ndinkangowawonjezera ndiwo.

Zaka ziwiri zija zinakhala zinayi, zinayi zinakhala zisanu ndi chimodzi. Kupita kwathu kukaona ana sindikanatha, wopanda mapepala ukatuluka kubwerera n'kovuta. Ndinkatumiza mabulangete, madiresi, nsapato kudzera kwa amatransipota. Nsapato ndinkangoganizira saizi, zikafika ati zachepa. Nthawi zonse zachepa. Pa foni Rozina ankayankhula, kundiuza za sukulu, za anzake. Tereza akampatsa foni ndinkangomva kupuma, fuu, fuu, kenako a Esinati ati, "Wamanyazi ameneyu, alamu, musadandaule."

Aupa nawo mutu uja unayamba kuthawa. Lero akudziwa waya aliyense ndi dzina, mawa akufunsa ngati adya kale pomwe mbale ili patsogolo pawo.

Ndiye kunabwera uthenga kuti mwana wawo uja, ife tinkamutcha Madamu, akubwera Loweruka kudzakhala sabata imodzi. Aupa chimwemwe. Ati Lamlungu amutengera ku tchalitchi pa galimoto yobiriwira ngati mmene ankachitira ali kamtsikana. Lachisanu masana akuti ayese kuliza. Apotokola kiyi, zii. Ngakhale kanyali kamodzi osayaka. Ndamasula batire, ndakoka timalinki tija, kapakati kakutamuka. Ndati, "Aupa, kafa." Ati, "Mawa m'mawa tifufuze chakapha. Mutu ukundipweteka." N'kupita kukagona.

Ndili kuseri ndikuanula zovala, ndamva, "Alamu! Tabwerani mundigwirire tochi."

Ndalowa m'galaja, alamu avula shati, atsala ndi vesiti. M'manja muli chingwe. Ndachiyang'ana bwino, chingwe chansalu chamizeremizere yakuda ndi yoyera. Cha ayironi yanga yakale imene inasiya kutentha, ndinaiika pa shelefu m'chipinda chochapira. Achidula, achisenda ndi mano, mawaya amkati aja awapota pamodzi onse atatu, chinthu chonenepa ngati chala changa chaching'onochi.

Ndinayankhula, musati sindinayankhule. Koma motsitsa, maso pansi. Ndati, "Alamu, pamenepo pamafunika koonda. Komanso sitinapeze chimene chapha kakaleko."

Anaseka. Ati, "Alamu, inu azungu simukuwadziwa. Amaika waya woonda dala kuti uzipsa, iwe uzikagula wina, iwo azilemera. Ife a ku Ndirande timaika kamodzi basi, mpaka Yesu adzabwere."

Ndati, "Koma Aupa anati…"

Ati, "Aupa, Aupa! Mwayamba kundiphunzitsa ntchito ine? Mayi inu, ana anu akudya kwa ndani?"

Ndinagwira tochi. Mukumva? Ine amene ndinkadziwa, ndinagwira tochi n'kuwaunikira bwinobwino kuti aone pomanga. Zaka zonsezi ndikakumbuka tochi imeneyo ndimafuna kudzimenya mbama.

Amanga, akulunga tepi mpaka chingwe chansalu chija chabisika, abwezera batire, apotokola kiyi. Vuuum! Yalira. Alamu manja m'chiuno, ati, "Mwaona? Injiniya." Anapita okha kukawadzutsa Aupa. Aupa amva injini ikulira, akuwomba m'manja ngati mwana, zoti tinagwirizana kufufuza chinthu aiwala kale. Kunacha Loweruka. Ndinati ndikachotse chingwe chija mwakabisira, koma alamu tsiku lonse anali pakhomo pa galaja akupukuta mabampa kuti Madamu adzawaone.

Lamlungu m'mawa Aupa avala suti, Madamu wakhala pambali pawo ndi chipewa. Alamu atsegula geti, asaluta ngati msilikali. Galimoto yabwerera chammbuyo, yangodumpha kachitunda ka pa geti, ine ndili pakhonde ndamva fungo. Fungo la pulasitiki wopsa. Kenako utsi wakuda tolotolo kuchokera pansi pa boneti.

Madamu watuluka akukuwa, "Papa! Papa!" Aupa akulimbana ndi lamba, manja njenjenje, lamba osamasuka. Azimitsa kiyi koma utsi ukungochuluka, chifukwa shoti ya pamenepo siimva kiyi, imamva batire. Injiniya wathu ali kuti? Ali kutsidya kwa msewu, agwira mutu, ati, "Iphulika! Iphulika!"

Ine sindikudziwa kuti sipanala ndinaitola bwanji. Ndinatsegula boneti ndi epuloni, moto uli lawilawi m'mbali mwa injini, mtolo uja ukudontha ngati kandulo. Ndinalowetsa dzanja, kumasula nati, kukoka chingwe cha batire. Chinali chotentha, chinandimata pa chikhatho, psiii, ndinamva fungo la nyama yanga yomwe. Madamu anabwera ndi chozimitsira moto chofiira chija n'kupopera. Aupa tinawatulutsa akutsokomola, suti yonse ufa woyera.

Moto wazima, tayikankhira galimoto m'galaja. Madamu sanalire nthawi yaitali, mkazi uja anali wouma. Anatenga pulaya n'kuyamba kutokosa pamene panapsa kwambiri. Watulutsa chiwaya chopotapota, kumapeto kwake kwatsala kansalu kamizeremizere. Wakayang'ana. Wapita m'chipinda chochapira, wabwera ndi ayironi yoduka mchira, waiika pa tebulo, gwa!

Ati, "Amasita m'nyumba muno ndani?"

Ndati ndine.

Ati, "Amagwira mawaya a galimoto ndani?"

Alamu avula chipewa, achipinda m'manja, mawu ofewa ngati a m'kwaya. Ati, "Madamu, ine ndi maluwa basi. Mayi awa ndi amene amakonda kugwiragwira galimoto. Ndakhala ndikuwaletsa."

Ndakhala ndikuwaletsa! Ambuye Yesu!

Madamu watembenukira kwa bambo ake. "Papa, ndani amakonza mawaya?" Aupa akhala pa mpando, maso ali mbuu, akumwetulira. Ati, "Malawi. Malawi ali ndi zala." Ankanditamanda, osadziwa kuti akundikwirira.

Madamu watulutsa foni. Ati, "Ukanapha bambo anga. Ndikuitana apolisi. Mapepala uli nawo?"

Alamu asendera pafupi, akuyankhula Chinyanja chapansipansi, nkhope ngati akundipepesera. Ati, "Alamu, ingovomerani. Ndinu mkazi, sakumangani nthawi yaitali, angokukwezani basi kukutulani kumudzi. Ine ndikachotsedwa ntchito ana anu adya chiyani? Mukanditchula, anawo muiwale."

Ndinawayang'ana m'maso, koyamba chikwatiwire m'banja mwawo. Ndati, "Ndiye ine ndikhale kalinki kanu?"

Ndinakweza dzanja lopsa lomweli n'kuwaloza chala. Alamu, kuwaloza chala! Ndati, "Madamu, ndi awa. Ine ndinagwira tochi."

Alamu akulumbira, akutchula malemu mng'ono wawo, amuna anga, kuti adzuke m'manda ngati akunama. Madamu akuyang'ana uku, akuyang'ana uku. Ati, "Nonse ndinu abodza." Ndati, "Madamu, mukupita Loweruka. Ndipatseni mpaka Lachisanu. Ndikonza mtolo wonsewu inu mukuona. Ikakana kulira, apolisiwo ndidzawatsegulira geti ndekha." Anaganiza. Ndikuganiza kuti anawerengera zoti makaniko wa magalimoto akale sapezeka msanga. Anabweza foni m'thumba, ati, "Lachisanu."

Lolemba m'mawa ndinayamba, dzanja lamanja lili m'bandeji, zala zokha zili kunja. Madamu anakoka mpando n'kukhala pakhomo pa galaja ndi kompyuta yake pamiyendo, diso limodzi pa ine. Ndinadula tepi yonse yopsa. Mkatimo mawaya asanu ndi awiri anali atamatirirana ngati maswiti osiyidwa padzuwa, mitundu yake osadziwikanso, onse akuda. Aupa anali ndi buku lalikulu la zithunzi za mawaya, koma ine kuwerenga sindidziwa, ndipo iwo tsiku limenelo ankaligwira chadodolido.

Ndiye ndinatenga bokosi langa losokera. Waya aliyense ndinkamutsata ndi zala kuchokera pamene ali bwino mbali iyi mpaka pamene ali bwino mbali inayo, ndisanadule ndimange ulusi wofiira uku, wofiira uko. Wina wachikasu uku, wachikasu uko. Mitundu itatha ndinayamba mfundo, ziwiri uku, ziwiri uko. Madamu ati, "Ukuchita chiyani, ukusoka diresi?" Ndikadula chidutswa chopsa ndinkaika chatsopano chonenepa chimodzimodzi, kufinya ndi pulaya, kuwotcherera ndi kachitsulo kamoto kosungunulira mtovu, kenako kuveka kapaipi kakuda kamene kamafota ukakawotha. Bandeji inkanyowa madzi a chilonda, ndinkasintha n'kupitiriza.

Lachitatu Aupa anadzuka mutu uli bwino. Alowa m'galaja, ndodo pansi, gu! "Malawi, chapha n'chiyani? Wachipeza?" Ndati ndikufufuza. Ati, "Tsata wonenepa wa ku olitaneta, kamakina kotchaja batire." Ndinamutsata waya ameneyo mpaka kuseri kwa injini kumene diso silifika, dzanja lokha. Ndamva pokhakhala. Ndamukoka, taonani, chikopa chinadyeka ndi kachitsulo kogwira paipi, mkuwa uli poyera kachigamba ngati chikhadabo. Galimoto ikagwedezeka ankakhudza, ikakhala phee ankasiya. N'chifukwa chake m'galaja inalira bwinobwino, pa kachitunda ka pa geti n'kuyaka. Ndinamuonetsa Madamu. Anavala magalasi, anagwira.

Ndinasintha waya ameneyo, kumuveka kapaipi ka labala, kumumangira kutali ndi chitsulo. Lachinayi ndinakulunga mtolo wonse ndi tepi yatsopano. Lachisanu m'mawa ndinatsegula kachitini ka mabisiketi, kuyeza ndi chikhatho, kudula timalinki titatu, kalikonse pa waya wake.

Tonse tinali m'galaja, alamu aima kumbuyo ndi fosholo ngati akungodutsa. Ndinakhudzitsa chingwe cha batire pang'ono kaye kuti ndione ngati chithetheka. Zii. Ndamanga nati. Ndati, "Aupa, kiyi." Apotokola. Yakhosomola kamodzi, kawiri, vuuum! Tinaisiya ikulira, ndinauza Madamu aiyendetse adumphe kachitunda ka pa geti katatu. Wabwera, ndamugwiritsa mtolo uja. Wozizira.

Madamu waweramira mu injini, akuloza timalinki. Ati, "Koma timeneti bwanji n'toonda chonchi? Sitipsanso?"

Ine ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kwamveka mawu. Munthu wa maluwa basi uja! Ati, "Ndi zimene ndimanena ine, Madamu! Tipsanso timeneto. Pamenepo pamafunika waya wonenepa, ngati uja ndina…"

Anadzigwira pakamwa mochedwa. Madamu anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. Ati, "Siya fosholo pansi. Katenge katundu wako."

Mukuganiza kuti ndinavina? Podutsa pafupi nane ndi chikwama chawo anangoti, "Tikaonana ku Chilobwe."

Ndipo musaganize kuti Madamu anasanduka mngelo. Ati, "Sorry, Malawi," kamodzi, akuyang'ana foni. Galimoto ija poti tsopano inkalira bwino, mwezi usanathe anaigulitsa. Aupa anawapititsa kunyumba yosungira okalamba, ati sangakhalenso okha. Tsiku lonyamuka Aupa anandigwira dzanja ali m'galimoto ya mwana wawo, ati, "Malawi, mvula ikabwera utseke galaja." M'galajamo munalibe kanthu. Nyumba anaigulitsa, ine anandipatsa makatani akale awiri ndi tikiti ya basi.

Ndinafika pa Wenela, palibe wondichingamira. Ndinanyamula zikwama ndekha mpaka ku Chilobwe, kukwera chitunda chija thukuta kamukamu. Azimayi pa mpopi akundiona akugwirana zigongono. Alamu anali atafika kale miyezi iwiri, nkhani atayala bwinobwino. Ati ndinkagona ndi mzungu wokalamba, ati ndinawachotsetsa ntchito kuti nditsale ndekha ndidye chuma. Pakhomo a Esinati anandilandira ataima, madzi akumwa osandipatsa. Ati, "Ana ali kusukulu. Nkhani ili kwa apongozi."

Apongozi anga aakazi, mayi wawo wa alamu ndi malemu amuna anga, anali gogo wamng'ono thupi, wosayankhulayankhula. Uthenga wawo unali umodzi. Loweruka masana abale onse asonkhane, ndigwade pamaso pa alamu, ndipepese. Ndikakana, ana atsala.

Masiku atatu amenewo ndinagona kwa mnzanga kuno ku Bangwe. Iye ati, "Pepesa basi, mawu sadula lilime. Utenge ana ako." Ndati ndamva.

Loweruka bwalo ladzaza. Amuna pa mipando, akazi pa mphasa, alamu pakati avala jekete la ku Joni, mwendo pamwamba pa unzake. Ana anga ndinawaona atakhala pakhonde. Rozina watalika kundiposa, mabere atuluka. Kamtsikana kali pambali pake ndinakazindikira chifukwa cha mphumi ya bambo ake.

Ndinayenda chogwada mpaka pamapazi pa alamu. Ndinaomba m'manja katatu. Ndinakweza mawu kuti ndi a pa mpopi omwe amve.

Ndati, "Alamu, pepani, ndinalakwa. Ndinalakwa kwambiri. Tsiku lija munkadula chingwe cha ayironi yanga n'kuchimanga mu galimoto ya mzungu, ine ndinkadziwa kuti muwotcha munthu, koma ndinakhala chete n'kukugwirirani tochi. Ndinayenera kukulandani pulaya pomwepo. Chimenecho ndiye ndikupepesa, kwa inu ndi kwa Mulungu. China ndilibe."

Iii! Bwalo linatekeseka. Alamu adzuka, mpando wagwa. "Mukumumva? Mukumumva mwano? Ameneyu ana asawaonenso!" Amalume ena akuti atulutsidwe, azakhali akuti hule wa ku Joni. Ine ndili chogwada pomwepo, ndatambasula chikhatho chopsachi m'mwamba kuti aliyense achione.

Apongozi anagogoda pansi ndi chigubu chawo cha fodya wamphuno. Onse anatembenukira kwa iwo. Ati, "Layisoni."

"Mayi."

Ati, "Wailesi ya malemu bambo ako, ija ya mabatire asanu ndi limodzi, unaimanga waya wa buleki ya njinga, inapsa. Unati ndi mng'ono wako. Anakwapulidwa ndi iye. Ine ndinakuona pa windo, ndinakhala chete." Anafwenkha fodya wawo, kuyetsemula, kupukuta mphuno. Ati, "Amake Rozina, dzukani. Tengani ana anu."

Rozina sanadikire, anathamangira m'nyumba, chikwama anali atalongedza kale. Ine ndapita pakhonde, ndagwada, ndatambasula manja. Ndati, "Tereza, mwanawe, tiye kwathu."

Mwana anabwerera m'mbuyo. Anakagwira chitenje cha a Esinati ndi manja onse awiri. Ati, "Amayi, anti awa akufuna kunditengera kuti?"

Ndinamutenga, inde, anali wanga, apongozi anali atanena. Ndinamunyamula akukuwa mpaka mu minibasi. Kuno ku Bangwe anakhala masiku anayi osadya, atakhala pakhomo kuyang'ana kumsewu, ndikamugwira akuuma thupi ngati wagwidwa ndi mlendo. Tsiku lachisanu lake ndinamusambitsa, kumuveka diresi yatsopano, kumukweza minibasi, kukamusiya ndekha m'manja mwa a Esinati. Palibe anandilanda. Ndinakamupereka ndi manja angawa.

Pano ndi mayi, anakwatiwa ku Machinjiri, ana atatu. Pa ukwati wake pampando wa mayi a mkwatibwi panakhala a Esinati, ine ndinali kuseri ndikutsuka mapoto. Amabwera pa Khirisimasi, mwana waulemu kwambiri, amabweretsa shuga ndi buledi, amagwada pakhomo apo pamene mwakhala inupo. Ati, "Muli bwanji, anti?"

Ndimati ndili bwino. Nanga nditi chiyani?